Tsamba 114

Fiskani wanditumizira kagalasi kuchokera ku Joni.
Kabwera ndi matransipota, kokulungidwa m'juzi yakale,
kopepuka kuposa sosala.
Akuti m'menemo muli mabuku mazana atatu.
Ndinakagwedeza pafupi ndi khutu.
Zii.

Ndisaname, maso anayamba kale kundithawa.
Ku Mapale anati ndi ng'ala, siithamanga koma ikubwera,
ndipo zilembo za m'mabuku anga zinasanduka nyerere
zobalalika pothawa madzi otentha.
Komanso Mzuzu sasunga pepala.
Chifunga cha mu Juni chimalowa pansi pa chitseko
ngati mlendo wodziwa pokhala makiyi,
masamba amamatana, nguwi imamera pachikuto,
ndipo chiswe cha kuno ku Chibavi chamaliza mabuku ambiri
kuposa mphunzitsi aliyense wa pa Katoto.

Kagalasika ndikakatsina ndi zala ziwiri
zilembo zimatupa ngati mandasi m'mafuta.
Magetsi akathima kamayaka kokha m'bulangete,
ine n'kumawerenga mpaka tambala wa kwa a Harawa,
popanda kandulo wodonthera papilo.
Kamandiuzanso kuti kwatsala maola awiri nditsirize.
Anakafunsa ndani?

NyaMsowoya anabwera kudzabwereka buku, monga mwa Lachinayi lililonse.
Ndinati mnzanga, ndikakubwereka limodzi
ndiye kuti ndakubwereka onse, ine n'kutsala ndi khoma.
Tinaseka. Anabwerera ndi masamba a mpiru.

Loweruka ndinatsitsa shelefu yonse.
Makatoni asanu: atatu a sopo, awiri a mafuta ophikira.
Dikishonale yokha ndinaisiya,
ili pantchito, ikuchirikiza mwendo wa bedi.
Mnyamata wa njinga ya sakaramento anaima pageti
kuti awatutire ku sukulu ya ku Zolozolo.
Ndinati dikira pang'ono, ndikunthe fumbi.

Ndi pomwe zinayamba kuyoyoka.
Tikiti ya basi ya ku Karonga,
ulendo uja tinakangana kuyambira pa depoti mpaka Chiweta.
Lisiti la feteleza.
Kalata ya fizi imene tinabisirana.
Tsitsi limodzi la imvi, sindikudziwa la ndani.
Ndipo pa tsamba 114, m'mphepete, ndi bolopeni yofiira,
dzanja la malemu bambo ake Fiskani:
"Ili ndi bodza."
M'munsi mwake dzanja langa, la pensulo:
"Wabodza ndinu."
M'munsinso, iwo:
"Tiyi wanu wazizira."

Ndinangoti khwithi pasimenti.
Mnyamata uja analiza belu kawiri,
kenaka anasiya.

Anapita ndi makatoni anayi.

Usiku mvula ya mawawa inayamba kuyenda padenga
ngati munthu wovula nsapato.
Ndinakumbuka kuti Fiskani anati pafoni:
buku lomwelo lilimonso, amama,
ndipo mutha kulembamo, ingodinani mawuwo, musachotse chala.
Ndinalifufuza.
Tsamba 114 mulibe.
Mukakuza zilembo masamba amasamuka
ngati alendi kumapeto kwa mwezi,
pansi pamangolembedwa maperesenti
ngati ndili ku banki.

Koma chiganizo chija ndinachipeza.
Chinali mbee, chosambitsidwa,
ngati sichinayambanitsepo anthu awiri
m'nyumba ya zipinda ziwiri.
Ndinachiwerenga katatu, m'zilembo zikuluzikulu,
zomwe bambo aja akadaziona ali pakhomo.
Pano ndikuona kuti sananame.
Linalidi bodza, lokoma koma bodza,
ndipo panatenga zaka makumi awiri ndi diso lodwala
kuti ndilione.

Ine amene ndinataipa makalata a boma zaka zonsezo
ndi zala khumi, osayang'ana pansi,
ndinadina ndi chala chimodzi, chonjenjemera,
chilembo,
chilembo,
mpaka ndinalemba kuti: "Munkanena zoona."

Ndinadikira.
Mvula inadutsa, inalowera cha ku Luwinga.
Tiyi pampando anachita khungu pamwamba.
Kenaka kagalasi kanaphethira, kanayankha
m'Chingerezi chake chaulemu
kuti batire latsala pang'ono.